Bondo langa: anayamba ndi kusoka mtsempha, chitsulo chinabwera pambuyo

Nyamakazi ya m'bondo ndinakhala nayo zaka zambiri, ndikungopaka mankhwala n'kumapitabe kukagulitsa tomato kumsika wa Mbare Musika mumzinda wa Harare. Tsiku lina potsika kombi ndinaponda molakwika, m'bondo munamveka kuti thu, ine pansi khu! Ululuwo ndikanaupirira. Chinandiopsa n'chakuti mwendo unakana kuwongoka. Ndikati ndiutukule, zii, ngati wa munthu wina.

Kukiliniki kwathu ku Highfield anandilembera kalata ya kuchipatala chachikulu cha Parirenyatwa. X-ray inaonetsa kuti chichereŵechereŵe chinatha, mafupa akungokhulana. Koma mtsempha suoneka bwino pa X-ray, ndiye anandipanganso sikani. Dokotala wa mafupa anatenga chala changa n'kuchiika pamwamba pa kafupa ka pabondo, pomwe panali kadzenje. "Mayi, apa ndi pomwe mtsempha wa ntchafu waduka. Umenewu sudikira. Ukachedwa umakokekera m'mwamba, kuusoka kumavuta."

Ine ndinkafuna zonse, kusoka mtsempha ndi kuika bondo lachitsulo, zithere kamodzi. Anakana, ndipo lero ndikuona kuti ankanena zoona: bondo lachitsulo popanda mtsempha wolikoka silingakuyendetseni.

Usiku woti mawa opaleshoni ndinasiya kudya, m'mawa jakisoni wa pamsana, kuyambira m'chiuno kutsika dzanzi lokhalokha. Anaboola timabowo m'kafupa kaja n'kumangirira mtsempha. Kenaka masabata 6 mwendo uli m'chomangira, wowongoka ngati musi. Apa m'pomwe panali ntchito, abale. Chimbudzi chonjuta sichitheka, moti mwana wanga anaboola mpando wapulasitiki. Mu kombi simukwana ndi mwendo wotero, ndiye ndalama ya takisi muikonzeretu. Achemwali anga ndi amene ankanditsukira phazi.

Atachotsa chomangira, ntchafu inali itafota, bondo louma gwa. A physiotherapy, othandiza kuti ziwalo ziyambenso kugwira ntchito, ankalipinda pang'onopang'ono, ine misozi ili mbwee. "Pepani amayi, kamodzinso." Kunyumba ndinkakoka chidendene ndi chitenje, m'mawa ndi madzulo.

Patapita miyezi, mtsempha utalimba, ndinalowanso ku fiyeta. Anapala nsonga za mafupa zodyeka zija, n'kuvekapo chitsulo, pakati n'kuikapo pulasitiki. Ulendo uno anandiimiritsa m'mawa mwake, ndipo anandipatsa mankhwala oti magazi asaundane m'miyendo. Anandichenjeza kuti katumba akatupa n'kumawawa, kapena bala likamatuluka madzi thupi likutentha, ndibwerere tsiku lomwelo.

Pano ndodo imodzi ndinaisiya. Kugwada sindinayambe, moti kutchalitchi ndimapemphera nditakhala pabenchi.