Basil wa mandimu wafera pa mzere wa minti

Lolemba ndi Lachiwiri panalibe chachilendo: kuwokera mbande za parsley, kudulira rosemary, kutsuka mathireyi, kulandira oda. Anzanga a m'manazale mukuzidziwa izi, sindikutayitsani nthawi. Chandipangitsa kulemba ndi zimene ndinazipeza Lachinayi m'mawa, ndipo mpaka pano mtima sunatsike.

Nkhani inayamba sabata yatha pamene akuofesi analamula kuti basil wa mandimu, mbewu ya masamba onunkhiritsa chakudya, achoke pa benchi yake kuti papezeke malo a maluwa ogulitsa msanga. Anamuika pa benchi ya minti. Aliyense amene anagwirapo keni akudziwa kuti minti ndi chidakwa cha madzi, ndiye mzere wake wa drip, paipi yodonthetsera madzi m'miphika, umatseguka pafupipafupi, komanso miphika yake timaikhazika m'mathireyi osunga madzi pansi. Ndinanena pomwepo kuti mbewu ziwirizi sizingamwere paipi imodzi, pakufunika valavu yapadera. Yankho linali lija la masiku onse: tiona mwezi wamawa.

Basil ameneyu, Ocimum × africanum, ndi wobadwa kwa basil wamba, Ocimum basilicum, ndi mpungabwe, Ocimum americanum. Masamba ake ndi aang'ono, opyapyala, ndipo fungo lija la mandimu limachokera ku mafuta otchedwa citral. Madzi amawafuna ndithu, sali ngati rosemary woti ungamuiwale. Akakhala m'munda amafuna madzi okwana pafupifupi masentimita 2.5 pa sabata, kutanthauza malita 25 pa sikweya mita imodzi. Mumphika nkhani imasintha chifukwa dothi ndi lochepa ndipo limauma msanga, moti kukatentha umathirira tsiku lililonse, kukachita mitambo umadumphitsa. Ndandanda yolemba pakhoma sigwira apa. Umapisa chala masentimita 2 kapena 3, kukakhala kouma umathirira mpaka madzi atulukire pansi, kukakhala konyowa umapitirira. Enafe timangonyamula mphika, kulemera kwake kumatiuza zonse.

Lachitatu ananditumiza kukasiya mbewu kwa kasitomala. Masana dzuwa lili paliwombo, a manijala akuyendera greenhouse anaona basil atazyolika. Sanafunse munthu. Anaitana mnyamata amene wangoyamba kumene ntchito n'kumuuza kuti awonjezere nthawi pa timer, kachipangizo kotsegula ndi kutseka madzi a drip, kenaka chakumadzulo atsegulenso zowazira zakumwamba kuti mbewu "zitsitsimuke". Mnyamatayo ndi wakhama, ndipo akuti anayesa kunena kuti dothi ndi lonyowa kale. Anamuyankha kuti masamba sanama.

Nditalowa Lachinayi chinayamba kundilandira ndi fungo, osati la mandimu, koma lija la dothi lowawasa. Miphika inali itakhala m'madzi usiku wonse, mathireyi odzaza mpaka m'milomo. Pamwamba pa dothi panali ndere zobiriwira, tintchentche takuda tija tokonda chinyezi tikuuluka ukangogwedeza benchi. Masamba am'munsi anali achikasu, ena atathothoka kale. Ndinagubuduza mphika umodzi m'dzanja. Mizu yabwino ya basil imakhala yoyera, yolimba, yoyanga m'mbali monse. Iyi inali yabulawuni, yofewa, ndipo nditaikoka khungu lake linasupuka n'kutsala kaulusi kopyapyala pakati. Amene munakumanapo ndi Pythium, kachilombo kowoletsa mizu, mukuchidziwa chizindikiro chimenechi. Pa ina tsinde linali litada pamene limakumana ndi dothi.

Ndiye kufota kuja kwa Lachitatu sikunali ludzu. Mizu imapuma, imafuna mpweya umene umakhala m'mipata ya dothi. Madzi akadzaza mipata yonse kwa masiku angapo, mizu imabanika, imayamba kuwola, ndipo muzu wowola sungakweze madzi kupita kumasamba. Mbewu imafota ili m'madzi. Ukaiona patali imafanana ndendende ndi ya ludzu, kusiyana kwake kuli m'dothi, ndipo kumafuna munthu wowerama. Zimene anachitazo zili ngati kumwetsa madzi munthu amene akumira. Zowazira za madzulo zinangowonjezera mavuto, chifukwa masamba ogona onyowa ndi amene amaitana downy mildew, matenda obweretsa nkhungu yotuwa kunsi kwa masamba. Mwayi wake basil wa mandimu sagwidwa msanga ndi matenda amenewa ngati basil wamba, koma benchi ya Genovese, mtundu wa basil wamba, ili pafupi pomwepo ndipo nayo inawazidwa.

A manijala atafika ndinawaonetsa mizuyo pa chikhatho. "Bwana, taonani. Mbewuzi zamira."

Anayang'ana pang'ono n'kunena kuti, "Komatu dzulo zinali zitafota, mumafuna ndingoziyang'ana? Mwina ndi mbewu yoipa imene munafesa."

Mawu amenewo ndi amene anandiwawa kuposa miphika yotayikayo. Mbande zimenezi ndinazifesa ndekha, zinamera bwino, ndipo zinali zobiriwira mpaka tsiku limene zinasamutsidwa. Vuto la malo ngati athu ano ndi loti kuthirira amakuyesa ntchito ya aliyense wokhala ndi manja. Feteleza amamutsekera m'stolo, mankhwala amafuna siginecha, koma timer aliyense wodutsa akhoza kuitembenuza. Chonsecho m'miphika mbewu zambiri zimene ndaziona zikufa zaphedwa ndi madzi, osati tizilombo.

Tsiku lonse linathera pa kupulumutsa zotsala. Tinatseka mzerewo, tinakhuthula mathireyi, miphika tinaikweza pa waya kuti idonthe, mbali za greenhouse tinazitsegula kuti mphepo idutse. Imene inali ndi mizu yoyera yokwanira tinaichotsa mbali zowola n'kuiwokera m'dothi latsopano losakaniza ndi perlite, timiyala toyera topepuka tothandiza kuti madzi asakhalitse m'dothi. Ya tsinde lakuda inapita kudzala pamodzi ndi dothi lake, osati ku kompositi. Pa mbewu zina nsonga zinali zikadali zamoyo, ndiye tinadula timitengo n'kutiika kuti timere mizu, poti basil savuta kutero.

Chinthu china ndinachita kumutsindikira mnyamata uja, chifukwa ndinamuona ali ndi mantha moti akanatha kungosiyiratu kuthirira. Kuumitsa nakonso kuli ndi mtengo wake. Basil wa mandimu amathamangira maluwa kuposa mitundu ina yambiri, ndipo akavutika ndi ludzu amafulumira kwambiri. Timaluwa toyera tikangotuluka, masamba atsopano amachepa ndipo tsinde limalimba. Komanso dothi la peat, lija la zomera zowolerana la m'miphika, likaumiratu limakana madzi, amangotsikira m'mbali mwa mphika n'kutuluka pansi pakati pali gwa, ndiye umayenera kuuviika mphikawo kwa kanthawi, kenaka n'kuuchotsa udonthe. Ndinamugwiritsa miphika iwiri, wouma ndi wonyowa, kuti dzanja lake lizolowere. Anamva msanga.

Lachisanu ndi Loweruka zinangodutsa. Oda ya basil tinaipereka yoperewera, ndipo woimba foni yopepesa ndinali ine. Pa Genovese ndikutembenuza masamba m'mawa uliwonse kuona ngati kunsi kwayamba nkhungu yotuwa, pakadali pano palibe. Basil wotsalayo ndamuchotsa pa drip, tikumuthirira ndi keni m'mawa, patsinde, mphika umodziumodzi, ntchito yodya nthawi imene tilibe. Pepala lopempha valavu ndalembanso, ndipo pansi pake ndawonjezera loko wa bokosi la timer.