Mtedza wa chalimbana pa maikolofoni

Ine ndimayimba besi. Kwathu ku Zomba ndikatsegula pakamwa pamaliro, anamfedwa ankayamba aleka kulira kuti amve bwino. Pobwera kuno ku London kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, mawuwo sindinawasiye. Lamlungu ndimawatulutsa ku kwaya ya Amalawi anzanga, ndipo mkati mwa sabata ndimayimba chapansipansi poyala mabedi.

Gogo wina amene ndinkamusamalira anali ndi mwana wake, bambo wamtali wa imvi, wa juzi lobooka pachigongono. Tsiku lina mkuluyu anandipeza ndili pakati pa nyimbo, naima pakhomo mpaka ndinamaliza. Anati iye ndi woliza sakisofoni, ndipo amakumana ndi anzake m'chipinda chapansi pa tchalitchi china kum'mawa kwa mzindawu. Ndipiteko ndikayimbe nawo. Nditafunsa nyimbo zoti ndikonzekere, anati ndisakonzekere kalikonse. Angerezi timawadziwa, akakuuza kuti usavutike ndiye kuti uvutike ndithu. Choncho ndinapukuta nyimbo zingapo za kukwaya, ndinasita suti ya paukwati, mayi a kunyumba nawonso anatchena. M'thumba la jekete ndinathiramo mtedza wokazinga, chalimbana weniweni wa m'munda mwa amayi, amene mlamu wanga anabwera naye kuchokera kumudzi.

Chipindacho chinali chozizira, mipando yake yopinda. Omvera ndi oyimba, kuchuluka kwake kunali chimodzimodzi, ndipo suti inali yanga yokha. Anthu atatu anapita kutsogolo. Mnzanga uja ananyambita kabango kamene amamangirira kukamwa kwa sakisofoni, n'kuyamba kuuzira mpweya wokhawokha, fuuu, liwu osatuluka. Kenaka anayamba kugogoda mabatani, tapatapa tapatapa. Mayi wina anayandikira maikolofoni n'kumatsonya, kumeza malovu mokweza, kutsonyanso. Wa ng'oma ndodo anazisiya pansi, ankakhukhuza chimbale chachitsulo ndi uta wa vayolini mpaka mano anga anayayamira.

"Akuchuna zida," ndinawanong'oneza mayi a kunyumba. "Tidikire."

Tinadikira. Ndinatafuna mtedza, ndinayang'ana wotchi, ndinatafunanso. Sakisofoni ija inafika pokuwa ngati mbuzi yomangidwa pakaliyala wa njinga ikupita ku msika wa Songani, mayi uja n'kumaiyankha. Ndinayamba kumumvera chisoni mnzangayo, kuti chida chake chamuchititsa manyazi pamaso pa alendo. Patapita mphindi ngati makumi awiri, onse atatu anangoti zii. Anthu anakhala chotsinzina kanthawi ndithu, kenaka m'manja wawawa.

"Abambo," anatero mayi a kunyumba, "ndiye kuti nyimbo ija inali imeneyi?"

Pa nthawi ya tiyi mkulu uja anandikokera pambali kuti andiphunzitse. Zimene amachitazi amazitcha free improvisation. Zinakula mu London momwemuno m'zaka za m'ma 1960, pamene anthu monga John Stevens wa ng'oma, Derek Bailey wa gitala ndi Evan Parker wa sakisofoni ankakumana ku Little Theatre Club. Oyimba jazi amapeka pompopompo, inde, komabe amakhala ndi nyimbo yoyambira, kiyi ndi kugunda kwa ng'oma koti onse atsate. Awa anataya zonsezo. Chotsala n'kumvetserana: wina akatulutsa liwu, mnzake amve, ayankhe, atsutse, kapena akhale chete. Anandiuzanso za gulu la Blue Notes limene linachoka ku South Africa mu 1964 pothawa tsankho, ndi mmene Dudu Pukwana wa sakisofoni ndi Louis Moholo wa ng'oma anasakanikirana ndi anthu amenewa. Apa anandiyang'ana mwachiyembekezo, kudikira kuti ndinene kuti awiriwo ndi asuweni anga. Ndinangogwedeza mutu. Anati ku Dalston kuli Cafe OTO, malo amene anatsegulidwa mu 2008, kumene anthu amagula matikiti kukamvera zoterezi. Mayi a kunyumba anafunsa kawiri ngati amva bwino za matikitizo.

Chinthu chimodzi ndiwayamikire anthuwa. Pali luso la kupuma limene Evan Parker amadziwika nalo, ndipo mnzangayu anandionetsa: amasunga mpweya m'masaya, n'kumaukankhira m'chidacho ndi masayawo uku akukoka wina ndi mphuno, moti liwu silidukiza kwa mphindi zambiri. Ndinaona ndi maso angawa masaya akufufuma ndi kuphwa, liwu lili chilirire. Ife a kwaya timaba mpweya pakati pa mawu n'kumadziyesa akatswiri. Anatchulanso Phil Minton, woyimba amene amagwiritsa ntchito kubuula, kubanika ndi kulira kwa kummero, ndipo amasonkhanitsa anthu osaphunzira zoyimba mu kwaya yotchedwa Feral Choir. Mawu akuti kubanikawo ndinawamva, koma sindinawasunge.

Chigawo chachiwiri anayendetsa chipewa chokhala ndi timapepala ta mayina. Anati Derek Bailey kuyambira 1977 ankasonkhanitsa oyimba osazolowerana n'kumawaphatikiza awiriawiri, atatuatatu, ndipo iwo amatsata mtima womwewo. Kapepala koyamba kutuluka kanali ka mnzanga uja. Kachiwiri kanali kanga.

Ndinamangirira batani la jekete. Popita kutsogolo ndinamufunsa chapansipansi kuti tiyambira kiyi yanji. Anamwetulira n'kunena kuti ndingomvetsera. Mtima unayamba kugunda, ndipo ine mtima ukagunda dzanja limapita lokha m'thumba. Ndinaponya mtedza mkamwa, ndinafika pa maikolofoni, n'kuganiza kuti anthuwa ndiwaonetse besi ya ku Zomba, amve liwu limodzi loongoka usiku umenewu. Ndinakoka mpweya wonse wa m'chipindamo.

Chalimbana ndi mtedza wa maso akuluakulu, aliyense wolima amadziwa. Njere imodzi imene inabisala kutsaya inatsetsereka ndi mpweyawo n'kukakhala pakholingo.

Chimene chinatuluka pa sipika chinali "hiiiiik".

Sakisofoni inayankha pomwepo: hiiiiik. Ndendende, mpaka kunjenjemera kwake.

Ndinatsokomola, kho kho kho. Iye anamenya kabango kaja ndi lilime, pho pho pho. Ndinayesa kunena kuti madzi, koma panatuluka "mmaaa... dzzz", ndipo mkuluyo anatsinzina, kuwerama, n'kutulutsa dzzz wake wamtali, wa mawu awiri nthawi imodzi, wina wapansi wina wapamwamba. Pambuyo pake anandiuza kuti zimenezo zimatheka potseka mabowo mwachilendo ndi kusintha kagwiridwe ka milomo, ndipo anazitengera zaka kuziphunzira. Pa nthawiyo ine sindinkafuna maphunziro. Ndinakweza dzanja kuloza botolo la madzi limene linali patebulo kumbuyo. Anthu onse anatembenuka kuyang'ana kumene ndikuloza, n'kubwereranso kwa ine akugwedeza mitu, kusonyeza kuti tanthauzo alimva.

Ndinayamba kudziguguda pachifuwa. Wa ng'oma uja, amene dzina lake silinatuluke n'komwe m'chipewa, analephera kupirira. Anadumphira pa ng'oma zake n'kumanditsata, du du du. Mayi wotsonya uja naye anaimirira pampando pomwepo, nagwira khosi lake, n'kuyamba kubanika mondithandiza. Tinalipo anayi tsopano, koma wakufa ndinali ndekha. Misozi inkatsika, mamina ali panjira, tayi yapita kuphewa. Ndinafunafuna nkhope ya mkazi wanga, mayi amene tinalumbira pamaso pa abusa kuti pa mtendere ndi pa mavuto. Anali ataimirira pakona, foni m'mwamba, akujambula.

Ndinagwada bondo limodzi. Chipinda chonse chinapumira m'mwamba. Mnzanga uja naye anagwada, kukamwa kwa sakisofoni kuli pafupi ndi nkhope yanga, akuliza kaliwu kakang'ono kachisoni. Apo ndinasonkhanitsa mphamvu za makolo anga onse n'kutsokomola kamodzi kochokera m'mimba. Njere ija inatuluka, thu, n'kukagwera m'kamwa mwa sakisofoni, ngwee. Mkuluyo anatsegula diso limodzi. Anagwedeza chidacho, njere n'kulira mkatimo, kwetekwete, ndipo anapitiriza kuigwedeza pang'onopang'ono mpaka inaleka. Ine ndinali chigwadire, ndikupuma mokoka, maikolofoni ikukweza kupuma kulikonse. Palibe anasuntha mpaka mpweya wanga unakhazikika.

M'manja mmene anawomba usiku umenewo, kukwaya sindinawomberedwepo. Mnyamata wina wa ndevu anandigwira dzanja ndi manja awiri, n'kufunsa ngati kayimbidwe kameneka ndi ka makolo athu ku Malawi. Mawu anali asanabwerere, ndiye ndinangoti "hhh", iye n'kulemba m'kabuku. Mayi wotsonya uja anati anthu ambiri amayesa kubanika koma zimaoneka kuti akunamizira, pamene ine zimachokera mkati. Mkulu wa sakisofoni anati pa zaka zonse zimene wakhala akuliza, sanakumanepo ndi woyimba wosaopa chotero. Ndinamuuza monong'ona kuti ndinatsamwa ndi mtedza. Anaganiza kaye, n'kunena kuti zilibe kanthu, liwu ndi liwu, ndipo iye anayankha zimene anamva. Kuyankha anayankhadi, osaphonya ngakhale kamodzi. M'moyo mwanga palibe munthu anandimvetserapo mwatcheru chotero, koma madzi sanandipatse.

M'basi pobwerera ndinawafunsa mayi a kunyumba chifukwa chimene sanabwerere kudzandimenya pamsana.

"Inetu ndimayesa mwaphunzira msanga," anatero. "Mumachita bwino kuposa mayi uja."

Anaseka mpaka tinapitirira siteji yathu. Ndipo vidiyo ija anali ataitumiza kale pa gulu la WhatsApp la kubanja, ati kuti abale aone kuti bambo akuyimba ndi azungu.

Foni ya amayi inalira m'bandakucha. Moni sanapereke.

"Iwe, chakulowa n'chiyani?"

"Amayi, ndi zoyimba za kuno."

"Usandinamize, ndakubala ine. Munthu wogwada, maso ali psuu, akudziguguda, ng'oma zikulira kumbuyo? Nanga mzungu wa lipengayo amachitulutsa chiwandacho, kapena ndi amene anakuikamo?"

Anati vidiyoyo awaonetsa kale amayi a Mvano, ndipo Lachinayi asala kudya chifukwa cha ine. Amalume anga, amene anali pomwepo, analanda foni n'kufunsa funso limodzi lokha: kodi amalipira zingati? Nditati sanalipire, anaibweza foni osatsanzika.

Ndinawafotokozera amayi zonse mwadongosolo, kuyambira m'thumba la jekete mpaka pakholingo. Anakhala chete, kenaka mawu anasintha, chisoni chonse chinatha.

"Mtedza wanga? Mtedza umene ndinasankha ndi manja angawa, njere ndi njere? Sunatsamwitsepo munthu chiyambire. Ukanene zimenezo kwa abusa."

Mtedza wa chaka chino ati sautumiza mpaka nkhaniyi iweruzidwe. Mkulu wa sakisofoni naye akunditumizira mauthenga, akufuna tikajambule chimbale, ndipo akufunsa ngati mtedza wa m'sitolo za kuno ungagwire ntchito yomweyo.