Mtengo woulutsa msonkhano wa bodi ya zamayendedwe suli pa kamera

Ku America, dera lililonse la m'tauni la anthu opitirira 50,000 liyenera kukhala ndi bungwe lokonza mapulani a zamayendedwe, lomwe amalitcha MPO. Izi zinayamba ndi lamulo la misewu la 1962. Mu bodi yake mumakhala mameya, makhansala, akuluakulu a zamabasi ndi a nthambi ya misewu, ndipo ndiwo amavomereza kuti ndalama za boma lalikulu zipite pa mlatho uti kapena msewu uti. Misonkhano yawo ndi yapoyera. Ku Texas lamulo limachita kunena kuti MPO yotumikira county (dera lokhala ngati boma la kuno kwathu) ya anthu 350,000 kapena kuposa iziulutsa misonkhano ya bodi pa intaneti ndi kusunga mavidiyo ake. Funso la mamembala limakhala lomwelomwelo: si YouTube ndi yaulere? Inde, ndi yaulere. Zodula ndi zomwe zimachitika kuyambira Lolemba.

Titenge msonkhano wa Lachinayi. Lolemba ntchito ndi ajenda. Ku California, lamulo la Brown Act limafuna kuti ajenda ituluke maola 72 msonkhano usanayambe, ndipo linki yoonera ndi nambala yoimbira zimalembedwa momwemo. Choncho tsamba la YouTube ndi msonkhano wa Zoom zimatsegulidwa ajenda isanatuluke, ndipo ikangotuluka linkiyo siyisinthidwanso. Amene akuyamba kumene adziwe kuti tchanelo chatsopano chimatha kudikira mpaka maola 24 chisanaloledwe kuulutsa.

Lachiwiri ndi tsiku la masamu, ndipo apa ndi pomwe bajeti zambiri zimanama. Zipangizo sizoopsa: makamera awiri ozungulira ndi rimoti, kabokosi kosinthira zithunzi ngati ATEM Mini ka madola pafupifupi 300, ndi laputopu yokhala ndi OBS, pulogalamu yaulere youlutsira ndi kujambulira vidiyo. Izi mumagula kamodzi n'kugwiritsa ntchito zaka. Koma werengani maola a anthu pa msonkhano wa maola awiri. Kuyala mawaya ndi kulumikiza, maola awiri. Kuyesa, ola limodzi. Msonkhano weniweniwo ukufuna anthu awiri, wina pa makamera ndi mawu, wina pa Zoom kulowetsa ofuna kulankhula. Amenewo ndi maola anayi. Kulongedza ola limodzi, kukonza vidiyo maola awiri. Akwana 10. Bodi yokumana mwezi uliwonse yadya maola 120 pachaka, ndipo mukawonjezera komiti ya mainjiniya afika 240. Maolawa sagwa kumwamba, amachoka mu pulani ya ntchito yomwe amaitcha UPWP, momwe boma lalikulu nthawi zambiri limalipira 80 peresenti, yotsalayo n'kuchokera kwa eni dera. Munthu amene wakhala pa rimoti ya kamera ndi yemwe uja amayenera kuwerenga magalimoto pa mphambano. Njira ina ndi kulemba ganyu kampani ngati Granicus, yomwe imalumikiza vidiyo ndi ajenda pa malipiro a pachaka. Ntchito imapepuka ndithu, koma ndalama zake zimabwera chaka ndi chaka.

Lachitatu timayesa, ndipo nthawi yambiri imathera pa mawu. Anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu akamamveka ngati akuchokera m'chitsime amatseka. Maikolofoni ya pa kamera siyitengedwa n'komwe. Mawu amachokera mu mikisa ya m'chipindamo, chipangizo chosakaniza mawu a maikolofoni onse. Vuto loyamba ndi kubwerezabwereza kwa mawu. Membala amene ali pa Zoom akalankhula, mawu ake amatuluka pa sipika ya m'chipinda, ndipo ngati mikisa ikuwabwezanso ku Zoom, amadzimva yekha patapita kamphindi n'kusokonezeka. Mankhwala ake ndi mix-minus: ku Zoom kumapita mawu onse a m'chipinda kupatula a Zoom yomweyo, pomwe ku YouTube kumapita onse. Izi zimafuna mikisa yokhala ndi potulukira pawiri posiyana, ndipo mikisa zina zakale za m'zipinda za khonsolo zilibe.

Vuto lachiwiri ndi kulira kwa magetsi, kaphokoso kosalekeza ka 60 Hz, komwe kamabwera laputopu ndi mikisa zikalumikizidwa pa masoketi osiyana. Kabokosi kakang'ono kolekanitsa mawaya awiriwa kamathetsa zonse, bola kakhale m'chikwama. Lachitatu ndi milomo yosagwirizana ndi mawu: chithunzi chimachedwa podutsa m'zipangizo, mawu n'kufika msanga. Pa zithunzi 30 pa sekondi, chilichonse ndi mamilisekondi 33, ndiye wina amaomba m'manja pa kamera, muwerenge kusiyanako n'kuchedwetsa mawu mu OBS.

Netiweki ndi ya waya, osati Wi-Fi ya alendo, chifukwa mafoni a anthu odzaza holo adzailimbirana. Vidiyo ya 1080p imayenda bwino pa 5 Mbps, ndipo mzerewo uzitha kutumiza kuwirikiza kawiri pamenepo. Kumbukiraninso kufunsa a IT ngati port 1935, khomo la pa netiweki lomwe vidiyo imatulukira, ndi yotsegula. Ma MPO ena alibe holo yawoyawo, amabwereka, ndipo holo ikasintha kuyesa konseku kumayambiranso.

Lachinayi zolakwika zambiri ndi za anthu. Membala amaiwala kudina batani la maikolofoni, kapena amatembenukira mnzake polankhula. Wapampando amapemphedwa kukumbutsa poyamba pomwe. Tebulo la mapulojekiti a TIP, mndandanda wa ntchito za zamayendedwe za zaka zinayi, lili ndi timalemba ting'onoting'ono, choncho simulozetsa kamera pa khoma, mumatenga chithunzi mwachindunji ku kompyuta ya wolankhulayo. YouTube imachedwa ndi masekondi angapo, ndiye woimba foni kuti apereke maganizo amauzidwa kuti ayambe wazimitsa vidiyo. Pa nthawi yopuma musaike nyimbo za eni, makina a YouTube amazizindikira ndipo atha kudula ulutsiwo. Bodi ikalowa m'kachipinda kukakambirana zachinsinsi, mawu amatsekedwa pa mikisa penipeni, osangophimba chithunzi. Ndipo vidiyo imajambulidwanso pa laputopu nthawi yomweyo. Ulutsi ukaduka si nkhani ya manyazi chabe: ku California, pa misonkhano ina yomwe mamembala akulowa ali kutali, bodi siyiloledwa kuvota mpaka anthu atayambanso kumva.

Chodula kwenikweni pa tsikuli ndi kuti aliyense atsatire. Mu April 2024 unduna wa zachilungamo unakhazikitsa muyezo wa WCAG 2.1 AA, wothandiza kuti anthu olumala nawonso azitha kutsatira, pa masamba a intaneti a maboma a zigawo ndi a madera, ndipo muyezowu umafuna mawu olembedwa pa vidiyo yomwe ikuulutsidwa nthawi yomweyo. Olembedwa ndi makina ndi otsika mtengo, koma amapotoza mayina a misewu ndi zidule zomwe zadzaza m'misonkhanoyi. Munthu wolemba amalipidwa pa ola. Omasulira chinenero chamanja amabwera awiriawiri pa msonkhano wautali chifukwa amasinthana pakapita mphindi 15 kapena 20, ndipo msonkhano ukatha msanga amalipidwabe maola omwe munagwirizana. Dera la anthu ambiri olankhula Chisipanishi limafunanso womasulira wake.

Lachisanu timadula mphindi zopanda kanthu za kumayambiriro, kukonza mayina olakwika m'mawu olembedwa, ndi kuika nthawi ya mfundo iliyonse ya ajenda, yoyamba pa 00:00, kuti wofuna nkhani ya mlatho wa kwawo asaonere maola awiri onse. Kusunga ndi kotchipa: ola limodzi pa 5 Mbps ndi 2.25 GB, misonkhano 12 ya maola awiri ndi 54 GB pachaka. Koma vidiyoyi ndi chikalata cha boma, siyingangodalira akaunti ya YouTube yomwe pasiwedi yake akuidziwa munthu mmodzi. Fayilo yoyambirira imapita pa seva ya ofesi, dzina lake n'kukhala deti la msonkhano, pafupi ndi ajenda ndi maminitsi ake.