Alendo akabwerera kwawo, mafizo adzaphunzitsa ndani?

Teremu ino tinapatsidwa ntchito yofufuza mmene maphunziro a physiotherapy (mafizo) anayambira m'maiko osauka. Ndawerenga zambiri, ndipo chondikhudza kwambiri n'chakuti ntchito imene ndikuphunzirayi ndi yaing'ono msinkhu kwathu kuno. Digiri yake inayamba mu 2010 ku College of Medicine ku Blantyre, sukulu yomwe mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Chaka cha 2010 chisanafike, wofuna kukhala dokotala wa mafizo ankayenera kukaphunzira kunja, ndipo odwala ambiri ankadalira ma rehabilitation technician, othandizira pa ntchito ya mafizo, ophunzitsidwa ku Kachere Rehabilitation Centre ku Blantyre.

Nkhani imene ndaikonda kwambiri ndi ya ku Sudan. Sukulu ya amayi ya Ahfad University for Women, ku Omdurman, inayambitsa maphunzirowa mogwirizana ndi Bergen University College ya ku Norway. Mu mgwirizanowo munalinso University of the Western Cape ya ku Cape Town, ku South Africa. Kwa ine, kupezekapo kwa sukulu yachitatuyi n'kofunika zedi. Mphunzitsi wochokera ku Cape Town amadziwa chipatala chodzaza anthu, amadziwanso wodwala amene sangabwere kawiri pa sabata chifukwa cha ndalama ya thiransipoti. Wa ku Bergen angabwere ndi luso la kafukufuku ndi thandizo la ndalama, koma mavuto oterewa amadzawaphunzira atafika kale.

Kuyamba pulogalamu yotere n'kovuta chifukwa kumafunika aphunzitsi, pomwe aphunzitsiwo ayenera kuchokera mwa anthu amene sanaphunzitsidwebe. N'chifukwa chake alendo amagwira makalasi zaka zoyambirira. Palibe cholakwika pamenepo. Koma mgwirizano ndimauyesa ndi funso limodzi: pa ophunzira oyambawo, ndi angati anatumizidwa kukachita masters ndi PhD, nabwerera, napeza ntchito ya uphunzitsi yolipidwa ndi dziko lawo? Ndalama za pulojekiti zimatha. Malipiro a mphunzitsi akapanda kulowa mu bajeti ya sukulu kapena ya boma, dipatimenti imatsala ndi mabedi opimira odwala koma yopanda woima kutsogolo.

China ndi zimene zimaphunzitsidwa. Mabuku athu ambiri analembedwa poganizira wodwala wokhala ndi makina ndi nthawi yokwanira. Mu wodi timakumana ndi mwana amene anadwala malungo a mu ubongo ndipo tsopano khosi silikulimba, bambo wofa ziwalo mbali imodzi chifukwa cha sitiroko, mnyamata wothyoka ntchafu pa ngozi ya njinga yamoto ya kabaza, ndi mayi amene TB inamulowa mu msana. Ambiri mwa iwo akatuluka sitidzawaonanso. Amene adzapitirize mafizo kumudzi ndi gadiyani, amayi kapena alongo ake amene akhala akugona pansi pafupi ndi bedi. Choncho kuphunzitsa gadiyani m'Chichewa chomveka, mmene angamutembenuzire wodwala kuti asachite zilonda, mmene angamangire nsungwi ziwiri zogwirira poyeserera kuyenda, ndi ntchito yeniyeni ya physiotherapy kuno. Ndikufuna zimenezi zizilembedwa mu silabasi ndi kufunsidwa pa mayeso. Apa mlendo wabwino amakhala pansi n'kumvetsera, ndipo ndaonapo ena akuchita zimenezo ndi mtima wonse.

Bungwe la WHO linakhazikitsa ndondomeko ya Rehabilitation 2030 mu 2017, ndipo linanena kuti mu 2019 anthu pafupifupi 2.4 biliyoni padziko lonse anali ndi mavuto ofunika chithandizo chonga mafizo. Alendo okha sangakwanitse chiwerengero chimenecho.

Nkhondo imene inabuka ku Sudan mu April 2023 inasakaza Khartoum ndi Omdurman, ndipo ndimawaganizira kwambiri amayi amene anaphunzira ku Ahfad aja. Ine ndinkangofuna kumaliza n'kupeza ntchito m'chipatala. Tsopano ndayamba kufunsa aphunzitsi anga njira yochitira masters, chifukwa ndikufuna kudzaphunzitsa.