Nyenyezi zamchere pa mtengo wathu

Ndinalengeza pakhomo kuti chaka chino pa mtengo wa Khirisimasi sipakolekedwa chogula ngakhale chimodzi. Zonse tiumba tokha, ine ndi ana, wina wa zaka zisanu wina wa zaka zitatu. Bambo awo anangoti, "Chabwino mayi," n'kukweza wailesi.

Mtanda wake ndi wosavuta: makapu awiri a fulawa, kapu imodzi ya mchere wosalala, ndi kapu imodzi ya madzi othira pang'onopang'ono. Umakanda mphindi 10 mpaka usiye kumata m'manja, n'kuuyala ndi botolo kufikira utsale wokhuthala mamilimita 5, kenako n'kudula nyenyezi ndi mitima. Uvuni ukhale pa madigiri 100 kwa maola awiri kapena atatu, chifukwa ntchito yake n'kuumitsa, osati kuphika.

Wamng'ono sanadikire zonsezo. Anatapa mtanda n'kuponya m'kamwa, nkhope yonse kukwinyika, misozi mbwembwembwe. "Amayi, keke yanu ndi yoipa!" Anamwa madzi makapu awiri akundiyang'ana ngati ndamuchita chiwembu.

Tsono kauzeni mwana kuti adikire maola atatu. "Amayi, zapsa?" Ndisanayankhe, winayo, "Nanga pano zapsa?" Mutu utayamba kuwawa ndinakweza moto kufika pa 200. Moto wotere umaumitsa khungu lakunja msanga, nthunzi n'kutsekeredwa m'kati, chinthu n'kutupa. Komanso paketi yomwe ndinatola inali ya self-raising, fulawa wokhala kale ndi zofufumitsa, pomwe ntchitoyi imafuna fulawa wamba. Titatsegula uvuni tinapeza nyenyezi zili tuu, mimba kutsogolo ngati achule okhuta.

Wamkulu ndiye anafunsa funso lija: "Ulusi tilowetsa pati?" Bowo limabooledwa mtanda ukadali wofewa, ndi kapaipi komwera zakumwa, patali pang'ono ndi m'mphepete. Zikauma ndiye zauma. Ndinatenga msomali ndi hamala, kugogoda kamodzi kokha, nyenyezi pakati phwa! Inali ya wamng'ono. Yachiwiri inali ya wamkulu, motero kulira kunagawidwa mofanana.

Apa m'pamene bambo awo anatulukira ndi katoni ya zokongoletsa zakale, ija ndinawauza kuti akataye. Sindinafunse kumene inkakhala. Ana anapukuta misozi, mphindi 15 mtengo wadzaza, nyumba yabwerera mwakale.

Zopulumuka zinayi tinazipenta zitazizira, n'kuzimanga ulusi m'chiuno. Panalinso chidindo cha dzanja la wamkulu, chokhacho chomwe tinakumbuka kubowola, koma chokhuthala masentimita awiri, kunja gwa m'kati phala. Mchere umakoka chinyezi, ndiye chinthu chotere chimafunika kuumitsa mpaka pakati, kenako vanishi mbali zonse ziwiri. Ife tinachikoleka chosapaka, pafupi ndi khitchini pomwe pamadutsa nthunzi. Chinafewa, bowo linang'ambika, n'kukagwera m'kapu ya tiyi ya apongozi. Iwo, mwa ulemu wawo, anavuula chala chachikulu ndi supuni, kumwako pang'ono, n'kupempha shuga.

Achule aja tinawakweza pa nthambi yapamwamba, chifukwa mchere wochuluka choncho ukhoza kupha galu akadya. Kumeneko ndiye amaonekera bwino kwa aliyense wolowa pakhomo, ndipo wamkulu amalandira alendo ndi mawu amodzi: "Zokongolazi n'zogula. Zotupazo apanga ndi amayi."