Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Visekese ndi utoto wa katondo

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene anandipatsa phunziro la Expressive Arts mu Sitandade 5 kuno ku Mzuzu. M'kalasimo munalibe ng'oma ngakhale utoto, choncho tinayamba ndi visekese, zomwe amayi achitumbuka amaimbira nyimbo zawo.

Chisekese chimafuna sekera wouma bwino. Mumadula timapesi 60 totalika masentimita 25, n'kutigawa pawiri, 30 pansi, 30 pamwamba. Pakati pake mumaika timitengo tiwiri topingasa kuti pakhale mpata woloŵa chala, kenako mumaluka ndi ulusi wa thumba la feteleza. Musanatseke mbali yomaliza, thiranimo timiyala tamumtsinje tokwana supuni ziŵiri. Ana amakonda kudzazitsa poganiza kuti chilira kwambiri, koma timiyala tikasoŵa poyenda chisekese chimangoti zii. Chimanga musaikemo, anankafumbwe amachimaliza teremu isanathe.

Chovuta chenicheni kuno ndi chinyontho. Sekera wodulidwa asanakhwime amachita chuku, ndipo akafota ulusi umakhwefuka, timiyala n'kumatayika. Dulani mu Ogasiti kapena Seputembala, muyanike sabata yathunthu, ndipo posunga pachikani m'mwamba, osati kusanjika pasimenti.

Nyimbo zake sindinkazitenga m'buku. Mwana aliyense ankakapempha imodzi kwa agogo kapena amayi ake, m'Chitumbuka, m'Chitonga kapena m'Chichewa, n'kudzaphunzitsa anzake. Ayambe kuomba m'manja, kenako mawu, visekese pomalizira. Mukawapatsa zoimbira poyamba, mawu sagwira, limangokhala phokoso. Za vimbuza ndinkangowafotokozera kuti ndi gule wochiritsa amene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inamuzindikira mu 2005. Sindinkafuna kuti gule wa odwala asanduke seŵero.

Akaidziŵa nyimbo, ankajambula zomwe ikunena pamakatoni. Utoto wofiira unali wa katondo, wakuda wa makala osinja, woyera wa laimu. Zonsezi zimafunika kusefa pansalu, apo ayi mchenga umakanda katoni. Kuti utoto umatirire, phikani kaphala ka ufa wa chinangwa, supuni imodzi m'kapu imodzi ya madzi, kazizire, muthiremo. Kakalimba kwambiri, chithunzi chimang'aluka chikauma. Burashi ndi kamtengo ka nsungwi kosasantha kunsonga.

Mu Juni, kukamawaza kamvula kaja, katoni imatenga masiku aŵiri kuti iume, choncho tinkajambula Lachisanu n'kudzapachika Lolemba.