Chokoleti yanga inathera pa bulauzi ya Mvano

Amene mukumandiona ndikuyenda wapansi pa Kamwendo masiku ano musamafunse za njinga, njinga ilipo koma gudumu lakumbuyo linapeza ntchito ina.

Ine geni yanga ndi chiponde. Kuno ku Mchinji mtedza sitisowa, ndimagula kwa alimi, kukazinga, kugaya, kuthira m'mabotolo basi. Nde tsiku lina usiku bandulo itatsala pang'ono kutha ndinaona kanema pa YouTube, mzungu wina akupanga chokoleti kukhitchini kwake ndi kamakina ka miyala iwiri yogubuduzika mu mphika, komwe ku India amaperera mpunga wonyika. Ndinati aa, si chiponde chomwechi ichi, kungoti chakuda? Alamu anga amayendetsa thiraki ya ku Dar, amadutsira pa Songwe, ndipo ukangowoloka kulowa Tanzania ku Kyela uko koko, mbewu yopangira chokoleti, amalima kwambiri. Ndinawatuma makilo asanu.

Makinawo sindinagule, ndalama zake ndikanazitenga kuti. Ndinapita kwa mnyamata wina wowotcherera zitsulo ndikumuonetsa kanema uja, iye osaganiza kawiri, "bwana izi nzazing'ono". Sufuliya yaikulu, mwala wophwatalala pansi pake, miyala iwiri pamwamba, mota tinazula pa makina akale a chiponde. Pa mota paja pali kachitsulo kolembedwa 1440 rpm, kutanthauza kuti imazungulira ka 1440 pa mphindi imodzi, ine zaka zonsezi ndimaona ngati ndi nambala ya ku fakitale. Mapule, magudumu aja omwe lamba amayendapo, tinaika omwe analipo, pa mota pule ya mainchi 2, pa sufuliya pule ya mainchi 4. Amene masamu anakuyanjani mwaona kale kuti sufuliya imeneyo izizungulira ka 720 pa mphindi imodzi. Ine sindinaone.

Koko uja ndinamukazinga pa chiwaya ngati mtedza, kumuswa, kupeta pa lichero kuti makoko a koko achoke, kenako kusinja mu mtondo. Chinthu chimenechi pafupifupi theka lake ndi mafuta, ndipo amasungunuka pa madigiri 34, kutentha kwa thupi la munthu kumaposa pamenepo, nde nditangofunditsa pa mbaula chinasanduka chiphala chakuda chonunkhira mpaka kwa aneba. Ndinakhuthulira mu sufuliya muja pabalaza. Mayi akunyumba anali atangosita bulauzi yoyera ndi duku, mawa lake kunali msonkhano wa amayi a Mvano, zili pa chingwe pompo. Apongozi anali atabwera dzulo lake kuchokera ku Mkanda, akhala pa mkeka akusenda nyemba.

Ndinati, "Amayi, lero mudya za ku Ulaya." Ndikudina switchi.

Abale inu. Makina aja anayamba kaye kuvina, kuchoka pakona kulunjika pa mkeka wa apongozi ngati awazindikira, kenako sufuliya inayamba kugawa. Sindinaonepo chinthu chogawa mwachilungamo chonchija, makoma onse anayi analandira mzere umodzi wowongoka bwinobwino ngati wajambula ndi bilidala wa levulo, kudutsa pa kalendala, pa chithunzi cha ukwati, pa bulauzi ija pachifuwa penipeni, mpaka pa ine. Soketi nayo inali kuseri kwa makinawo, nde kuti ndikathimitse ndinachita kukwawa chafufumimba chokoleti ikundiwaza mu khutu. Apongozi ndi ukalamba wawo uja anatuluka pakhomo liwiro lomwe sindinaganizepo kuti ali nalo, nyemba mbwee.

Kamwana ka aneba kanasuzumira pawindo, kuona makoma, nkuthamanga kukalengeza mudzi wonse kuti kwa amalume kwaphulika chimbudzi.

Mayi akunyumba sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangoitenga bulauzi ija ndi zala ziwiri, kuiyang'ana, kundiyang'ana, "Bambo, za ku Ulaya zija ndi zimenezi?"

Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinati vuto ndi liwiro basi, ndipo mankhwala a liwiro ndikuwadziwa, si fani ya kudenga imakhala ndi kopotokola kaja, 1 mpaka 5? Ndinakagula pa boma, kulumikiza mawaya ndekha, kuika pa 2. Mota inayamba kung'ung'udza ngati njuchi zili mu mphika, sufuliya ikuyenda monyinyirika, ine ndikuzitama kuti mwaona, uinjiniya si sukulu. Nditathira shuga inangoima, kung'ung'udza kokha kukupitirira. Kukhudza mota, moto. Kenako kafungo ka waya wopsa, kenako phuu, utsi. Apongozi ulendo uno anali ataonera patali, pansi pa mtengo wa mango.

Wamagetsi amene ndinamuitana ndi mwana wamng'ono kwa ine koma anandikhazika pansi ngati wa sitandade 1. Akuti mota ya mtundu uwu liwiro lake limatsatira 50 Hz, kupita uku ndi uku kwa magetsi athu ka 50 pa sekondi, osati mavoti. "Mukachepetsa mavoti, akulu, mwangoimana nsima koma katundu ndi yemwe uja. Imakoka karenti yambiri, imatentha, ndipo kafani kake kakumbuyo sikakupepeza mokwanira." Anatsegula nkundionetsa kaswitchi ka mkati kamene kamayenera kuchotsa kapasita, kachipangizo kothandiza mota kunyamuka, mota ikangofika pa liwiro lake. Poti liwiro silinafike, kapasita inagwira ntchito osapuma mpaka kuphulika. Mwayi wanga mawaya a mkati sanapse. Ndinafunsa ngati kulibe kachipangizo kenikeni kochepetsera liwiro, akuti kalipo, VFD, kamasintha ma Hz omwewo, koma kamayenda bwino ndi mota ya three phase, yanga si imeneyo. Atatchula mtengo wa zonse ziwiri ndinamufunsa ngati akufuna madzi akumwa.

Nde anatola kamtengo nkulemba pansi. Makina enieniwo sufuliya imazungulira ka 100 ndi kakuti pa mphindi. Pule ya pa mota ikhale yomweyo ya mainchi 2, koma inayo ikhale ya mainchi 24, 1440 kugawa ndi 12, 120. Mphamvu yopera ikuchulukanso. Ndinati chabwino, nanga chipule cha mainchi 24 ndichipeza kuti kuno? Sanayankhe. Anangotembenuka nkuyang'ana njinga yanga itatsamira pa nkhokwe.

Limu ya njinga ukachotsa tayala imakhala ndi kamsewu koti lamba amakhalamo ngati anamuyeza. Makina anayenda mofatsa ngati agogo akupera pa mphero, osavina, osalavula. Kungoti chokoleti si chiponde choti mphindi khumi watha, imafuna tsiku lathunthu kapena awiri kuti mchenga wa shuga usamamveke pa lilime. Usiku woyamba magetsi anathima, ndi kuzizira kwa June kuja mafuta anagwirana, kudzuka m'mawa miyala ndi chokoleti zili chinthu chimodzi. Mayi akunyumba anabwera ndi ketulo ati tithiremo madzi otentha, ndinachita kuwagwira mkono, madzi ngakhale pang'ono chokoleti imangoundana ngati nsima ya dzulo. Ndinakhala ola lathunthu ndikufunditsa sufuliya ndi makala, maso ali pa lamba kuti asapse.

Tsiku lachitatu inatuluka, yosalala, yonyezimira. Supuni yoyamba ndinapereka kwa apongozi mwaulemu ndi manja awiri. Analawa, kutsinzina, kumeza movutikira, nkukhala kaye chete.

"Akamwini, mankhwala amenewa ndi a matenda anji?"

Kenako anapempha kuti pobwerera ku Mkanda ndiwapakirire chiponde mabotolo awiri, ndipo ndiwaperekeze pa siteji pa njinga.